Money plant yandichotsera penti pakhoma, eni nyumba akuti ikuyamwa nyumba yawo

Mayi a Shakira: Moni nonse. Ndithandizeni maganizo musanayambe kundiseka. Nyumba imene tikuchita lendi kuno kwa Mpondasi ili ndi khonde lomwe dzuwa silifika kwenikweni, ndiye chaka chatha ndinadzala money plant m'chigubu cha mafuta ophikira n'kuika pakona. Poyamba inkangolendewera pansi. Itakhudza khoma inayamba kukwera yokha, popanda chingwe kapena msomali, pano yafika pamwamba pa zenera. Dzulo abambo eni nyumba atabwera kudzatenga ya lendi anati chomerachi chikuyamwa madzi m'khoma ndipo chigwetsa nyumba. Ine mwamantha ndinakoka nthambi imodzi, inachoka ndi penti yemwe komanso kapulasitala pang'ono. Pakhoma patsala timizere takuda ngati mapazi a bongololo. Kodi mizu imeneyi imalowa m'kati mwa khoma kapena imangogwira pamwamba? Nanga imagwira ndi chiyani poti pakhomapo palibe dothi?

Che Jafali: Tiuzeni kaye yabweretsa zingati chidzalireni. Paja amati yochita kupempha sibweretsa ndalama, imafuna yakuba kkkk

Mayi a Shakira: Che Jafali ndinachita kupatsidwa ndi anzanga a ku Namiasi. N'kutheka n'chifukwa chake m'malo mobweretsa ndalama ikufuna kundilipitsa.

Bambo Mbewe: Mayi, tajambulani pamene pachokapo titumizireni. Ndipo takandani ndi chikhadabo pambali pake, pomwe chomeracho sichinafike. Pakayoyoka mchenga mundiuze.

Mayi a Shakira: Ndakanda bambo. Pakuyoyoka ngati ufa.

Bambo Mbewe: Ndiye mlandu wagawika pawiri. Ine ndamanga nyumba kuyambira ku Koche mpaka ku Malindi, ndipo matenda a makoma athu ndi amodzi: mchenga wambiri, simenti yochita kununkhiza. Kenako amapaka laimu, pamwamba pa laimu n'kudzapakanso penti. Penti wotere sagwira khoma, amangokhalapo. Ngakhale mutamata kalendala ndi selotepi, pochotsa achoka naye. Chomera chanucho chagwiritsa kuposa mmene penti anagwirira, basi.

Che Saidi: Achimwene a Mbewe, musachepetse nkhani. Ine ndi maso angawa ndaona chipupa cha njerwa zootcha chitang'ambika pakati ndi mizu, pa sitolo ina yakale kufupi ndi mlatho. Muzu wake waukulu ngati mkono wanga. Eni nyumbawo sakunama. Chomera ndi khoma sizigwirizana.

Aphunzitsi a Kalua: Che Saidi, zimene munaonazo n'zoona, koma ndikhulupirira tikukamba zomera ziwiri zosiyana. Ndiloleni ndiyambire patali pang'ono, pepani ndi chizolowezi cha choko.

Zomera zokwera sizikwera mofanana. Nyemba zoyanga, chitedze ndi zilazi zimazungulira ndi tsinde lenilenilo, n'chifukwa chake zimafuna ndodo kapena phesi la chimanga. Maungu, nkhaka, zipwete ndi magalagadeya zili ndi timanja tija topiringizika ngati sipuling'i, tikakhudza waya timakulunga. Bougainvillea wa m'mipanda ya ku boma sagwira n'komwe, amangotsamira n'kukola ndi minga. Zonsezi mukaziika pakhoma losalala zimagwa, chifukwa palibe chozungulira. Gulu la money plant ndi limene limatha kukwera chinthu chafulati ngati khoma, thanthwe kapena thunthu la mlambe, poti silifuna kuzungulira. Limatulutsa timizu pa mfundo za tsinde, timizuto n'kumamatira.

Mayi a Shakira, tayang'anani nthambi mwakokayo. Timizuto tatuluka mbali zonse kapena mbali imodzi?

Mayi a Shakira: Mbali imodzi yokha aphunzitsi, imene inali kukhoma. Mbali ya kunja kuli masamba okhaokha. Ndipo sitili tobulungira, tili tophwatalala.

Aphunzitsi a Kalua: Eya. Timizu timeneti timathawa kuwala. Masamba amafuna dzuwa, timizu timafuna mdima ndi chinyezi, ndipo mdima uli pakati pa tsinde ndi khoma. Kukhudza kokhako kumathandizanso kuti tikule. Kuphwatalalako ndiye poyambira kugwira: muzu ukadali wanthete umafewa ngati phala, umakula motsata mabampu ndi timaenje ta pulasitala, kenako umauma uli m'maonekedwe a khomalo. Zili ngati kuponda pa simenti yaiwisi, kungoti apa chofewa ndi phazi, osati simenti.

Abiti Mussa: Nkhani yandipeza ndili pa basi yochokera kuntchito kuno ku Leeds, ku England. Kuno kuli china amachitcha ivy, chimakuta nyumba yonse mpaka pa chumuni, makamaka matchalitchi akale. Mkangano wake ndi womwewu ndithu, ena amati chimawononga, ena amati chimateteza. Agogo ena amene ndinkawasamalira anandituma ndichotse pa mpanda wa matabwa. Amayi inu! Ndinakoka mpaka manja kutuluka matuza. Tsinde linachoka koma timizu take tinatsalira, ngati ndevu zomatidwa ndi guluu.

Aphunzitsi a Kalua: Achemwali mwatchula chomera chimene akatswiri achifufuza kwambiri pa nkhani imeneyi. Mu 2010 a ku yunivesite ya Freiburg ku Germany anaonetsa kuti ivy imagwira m'magawo anayi otsatizana. Muzu umakhudza khoma. Umakula motsata maonekedwe ake, monga ndanenera. Kenako umatulutsa tiubweya tambirimbiri, ndipo tiubweyato timatulutsa guluu. Gawo lomaliza ndi limene linandisangalatsa ine: kaubweya kalikonse kakalowa m'kabowo kosaoneka ndi maso, kamayamba kuuma, ndipo pouma kamapotoka n'kufupika, nsonga yake n'kukola m'katimo ngati mbedza. Pofupikapo kamakokera muzu kukhoma. Ndiye ganizani tiubweya masauzande, kalikonse kakukoka pang'ono. N'chifukwa chake muzu wouma, wakufa kale, umakhalabe chigwirire. Kuuma sikuumasula, kumaulimbitsa.

Che Jafali: Ndiye kuti ndi mbedza, ulimbo ndi chingwe pamodzi. Chomera chimenechi chikanakhala msodzi bwenzi chambo chitatha m'Malombe.

Abiti Mussa: Chatsala kuti chambo m'Malombe, Che Jafali? Musatikumbutse zowawa.

Yamikani: Aphunzitsi, ine ndimaganiza kuti zimagwira ngati nalimata. Si chimodzimodzi?

Aphunzitsi a Kalua: Zimafanana pa tiubweya pokha. Nalimata alibe guluu kumapazi, tiubweya take n'touma, n'chifukwa chake amamata n'kumatula kangapo pa sekondi akamathamangitsa njenjete. Chomera chikagwira chagwira, sichifuna kusamuka.

Za guluuyo zinadziwika kalekale. Charles Darwin, katswiri wa sayansi wa ku England, analemba za zomera zokwera mu 1865, n'kudzatulutsa buku lake mu 1875. Iye anayang'anitsitsa kamkuyu kena kokwawa pamakoma, kamene lero amati Ficus pumila, n'kupeza kuti timizu take timatulutsa madzi onanda. Anatenga kadontho n'kukapaka pagalasi, n'kuwazapo timchenga, n'kusunga m'dirowa nyengo yotentha. Madzi wamba akanauma pa mphindi zochepa, koma kadonthoko kanakhalabe kosauma masiku 128. Pamene timizuto tinali titagwira tokha pagalasi, guluuyo anali atalimba gwa. Pa ivy anangoona tinthu tachikasu pang'ono. Panadutsa zaka zoposa 100 kuti anthu aone kuti m'madzi achikasuwo muli timibulu ting'onoting'ono kwambiri, moti mutatindandalika 10,000 sitingakwane milimita imodzi. Kuchepa kwakeko ndi kumene kumathandiza kuti madziwo alowerere paliponse asanaume.

Che Saidi: Mwati kamkuyu? Ndiye palibe chachilendo. Ife tili ana tinkatema kachere, kutenga utomoni wake, kuuphika n'kupanga ulimbo wokolera mbalame. Mzunguyo akanabwera kwa Chimwala tikanamuonetsa tsiku limodzi, osati masiku 128.

Aphunzitsi a Kalua: Kkkk Che Saidi apa mwandigwira. Ndi banja limodzi ndithu, kachere, mkuyu ndi kokwawako.

Alangizi Nachisale: Ndalowa mochedwa, ndinali ku Namwera. Che Saidi, muzu munauona pa sitolo ija ndikhoza kulumbira kuti unali wa kachere, ndipo kachere si chomera chokwera. Iye amatsika. Mbalame kapena mleme ukadya nkhuyu zake umakasiya njere pamwamba, m'mphanda ya mtengo, m'makwamba a mgwalangwa kapena mu mng'alu wa chipupa. Njere imamera pomwepo, n'kuyamba kutsitsa mizu kufuna nthaka. Ikafika pansi mizuyo imanenepa chaka ndi chaka, imalumikizana yokhayokha ngati ukonde, n'kufinya chimene yazinga. Mukamayenda msewu wa ku Monkey Bay muziyang'ana, mudzaona mitengo ina ya migwalangwa itavala kachere m'chiuno, masamba ake okha akusuzumira pamwamba. Muzu wotero ukakhala mu mng'alu umakhala ngati chitsulo chowazira nkhuni, ukamakula khoma limatseguka. Timizu togwirira ta money plant sitinenepa choncho. Tikamata tamaliza ntchito.

Che Saidi: Masamba ake analidi a kachere, sindikana. Koma amayi alangizi, mukunena kuti money plant ilibe vuto ngakhale pang'ono?

Alangizi Nachisale: Ayi bambo, sindinatero. Ili ndi mizu ya mitundu iwiri, ndipo anthu ambiri amangoona umodzi. Pali tatifupi togwirira, ndiye pali ina yaitali ngati zingwe imene imalendewera kufunafuna dothi kapena madzi. Yaitaliyo ndi yodyera. Ikapeza mng'alu momwe muli fumbi ndi chinyezi imalowa, imachita nthambi m'katimo. Khoma labwino ilibe polowera. Koma khoma long'aluka kale, kapena la zidina, kapena la njerwa zomangira dothi, pamenepo eni nyumba ali ndi mfundo. Pa zidina musayerekeze n'komwe, chifukwa kwa chomera chimenecho khoma lonselo ndi munda.

Bambo Mbewe: Apo ndavomera. Ndiwonjezere za kudenga. Chikafika pa malata chimalowa pansi pake, chimatsata mitengo ya denga, ndipo chimabisa njira za chiswe. Chiswe chikamakwera khoma loyera umachiona tsiku lomwelo n'kuchikokola. Kuseri kwa masamba chimafika ku mapulanka iwe osadziwa.

Mayi a Shakira: Nanga zoti ikuyamwa madzi m'khoma?

Alangizi Nachisale: Madzi ake ikumwa m'chigubu chanu chija. Siyani kuthirira mwezi wa Okutobala uno muone ngati khoma liisunge. Timizu ta pakhoma tikhoza kutola chinyezi pang'ono mvula ikawaza, koma kuumitsa khoma ayi, ndipo khoma louma ndi limene mmisiri aliyense amafuna. Ikakwera mtengo sikuyamwanso mtengowo. Si kaufiti uyu. Kaufiti amaboola muzu wa chimanga n'kumaba chakudya, pamene money plant imangobwereka msana.

Yamikani: Koma kubwereka msana komweko kumapha, amayi alangizi. Ine ndimagwira ntchito ya maluwa pa loji ina ku Cape Maclear. Tinali nayo inakwera mtengo wa mango. Pansi masamba ake anali ngati chikhatho, koma itakwera anayamba kukula, ena ngati lichero, ong'ambika m'mbali, moti alendo ankafunsa ngati ndi chomera china. Tsinde linafika ngati mpini wa khasu. Mango anasiya kubereka mbali imeneyo, ndipo mwera wa mu Julaye utawomba nthambi yaikulu inathyoka ndi kulemera.

Alangizi Nachisale: Zimenezo n'zoona Yamikani, imaphimba dzuwa ndipo imalemera. Kwawo kwenikweni ndi ku chilumba cha Moorea m'nyanja ya Pacific, koma m'maiko otentha monga Sri Lanka inathawa m'miphika n'kukuta mitengo ya m'nkhalango. Choncho zodulira zake musamataye kutchire kapena m'mbali mwa Shire, kachidutswa kokhala ndi mfundo imodzi kamaphuka. Za masambazo, ndi khalidwe la zomera zambiri zokwera ndi mizu. Zikakhala pansi zimakhala zachibwana, zikagwira chinthu n'kukwera zimasintha. Ivy ya achemwali ku Leeds nayo ikafika pamwamba imasintha masamba, imasiya kutulutsa timizu, n'kuyamba maluwa.

Abiti Mussa: Zoona! Ndimadabwa kuti pamwamba pa mpanda masamba ake ndi ena, ndipo pamadzaza njuchi nyengo yozizira ikamayandikira. Kuno anthu amatchulanso kafukufuku wa ku yunivesite ya Oxford amene anapeza kuti khoma lokutidwa ndi ivy silitentha kwambiri masana ndipo silizizira kwambiri usiku. Koma iwonso ananena kuti pakhoma lowonongeka kale imalowa m'ming'alu. Ndimaganiza kuti ndi kutentha kwa kwathuko, mwina chipinda chokutidwa ndi masamba chikhoza kugoneka.

Che Jafali: Chigoneka inde, pamodzi ndi njoka.

Mayi a Shakira: Che Jafali musandiopseze, ine ndi njoka sitionana.

Yamikani: Njoka zimabwera pomwe pali chakudya, abuluzi ndi achule. Mukamadulira kuti isachite thengo, ndipo isafike pa zenera, palibe vuto. Pa loji pathu tili ndi kamkuyu ka Darwin kaja pakhoma la bafa la panja. Timasamba take ting'onoting'ono, timagona pakhoma ngati tapakidwa. Kameneko ndiye kamagwira koposa money plant, pochotsa umachita kupala ndi chitsulo. Timakameta kawiri pachaka, chifukwa kakakula kamatulutsa nthambi zolimba zotalikira kukhoma, za masamba akuluakulu, ndipo mizu yake ya pansi imapita kutali kufuna madzi. Pafupi ndi mapaipi sitikadzala.

Chimene ndaona ine: pakhoma la pulasitala wokhakhala, kapena pa miyala, zimakwera msanga. Pa penti wonyezimira wa mafuta zimavutika, pa matailosi zimangoterereka. Pa malata kapena pakhoma loyang'ana kumadzulo timizu timapsa tisanagwire. Kutentha kwa kuno si kwamasewera.

Aphunzitsi a Kalua: Zikugwirizana ndi za tiubweya zija. Posalala palibe pokola mbedza, pamatsala guluu yekha.

Che Saidi: Ndiye phindu la zomera zimenezi n'chiyani kupatula kukongoletsa ndi kukanganitsa anthu ndi eni nyumba?

Alangizi Nachisale: Bambo, tsabola wakuda amene mumathira mu pilawu pa Idi amachokera ku chomera chokwera ndi mizu chomwechi. Kwawo ndi ku India, koma ku Zanzibar ndi ku Tanga amalima, amachikweza pa mitengo yamoyo ya makungwa okhakhala. Vanila wa m'makeke nayenso, kwawo ndi ku Mexico koma wambiri padziko lonse amachokera ku Madagascar, amakwera ndi mizu yotuluka pa mfundo iliyonse. Ngakhale dragon fruit amene ena ayamba kudzala m'mipanda, amamuikira mzati n'kuukulunga chiguduli kuti mizu yake ipeze pogwira ndi ponyowa. Alimi amenewa sadandaula kuti mizu ikugwira, amadandaula ikakana.

Che Saidi: Za pilawuzo mwandigonjetsa. Koma pakhoma panga ayi.

Mayi a Shakira: Ndiye ndichite bwanji abale? Ndiizule yonse? Ndimaikonda, khonde limaoneka bwino.

Yamikani: Musakokenso amayi, ndi mmene mukusendera khoma. Dulani tsinde m'munsi, pomwe layambira kugwira. Za pamwambazo zisiyeni milungu iwiri kapena itatu zifote. Kenako nyowetsani ndi madzi, lowetsani mpeni wosathwa pakati pa tsinde ndi khoma, muzidula timizu pang'onopang'ono m'malo mozula. Timapazi totsalato mupukute ndi bulashi yolimba. Sitichoka tonse, ndisakunamizeni. Chitsa cha m'chigubu chiphukanso. Mukachizikire mtengo wokulungidwa ndi chiguduli kapena makoko a kokonati, muziunyowetsa, ikwera pamenepo mosangalala ndipo masamba akula. Chigubucho muchisunthe chitalikire khoma pang'ono, apo ayi ibwereranso komweko.

Alangizi Nachisale: Podula muvale pulasitiki m'manja, utomoni wake umayabwa. Ndipo Shakira ngati akadali wotola zinthu n'kuika m'kamwa, masambawo akhale patali. Ali ndi timinga tosaoneka ngati ta masamba a koko osapsa, timatupitsa milomo ndi lilime. Mphaka ndi galu chimodzimodzi.

Mayi a Shakira: Shakira ali sitandade 3 tsopano, koma mng'ono wake ndi amene akukwawa. Zikomo pondichenjeza, zimenezo sindimadziwa.

Bambo Mbewe: Za kulipirazo, mayi, musakangane nawo eni nyumba. Aitaneni, muwapatse chikhadabo chawo chomwe akande pomwe chomera sichinafike. Akaona okha. Penti wa pamene mwasendapo gulani, ndi kachitini kamodzi. Koma pulasitala wa khoma lonse si mlandu wanu, ameneyo anafooka tsiku lomwe ankasakaniza matope.

Che Jafali: A Mbewe samalani, mwina munamanga ndinu.

Bambo Mbewe: Kwa Mpondasi ndinamangako ziwiri zokha, ndipo zonse ukakhoma msomali umapindika. Mayi a Shakira, nyumbayo ili mbali iti?

Mayi a Shakira: Sinditchula pagulu bambo, eni ake ali ndi abale muno kkkk. Ndadula kale tsinde. Chodabwitsa n'chakuti ndapeza muzu umodzi wautali uja amanena alangiziwu, unatsika kuseri kwa chigubu n'kulowa pa mng'alu wa pakati pa khonde ndi khoma. Ndaukoka, watuluka wotalika kuposa mkono wanga, kunsonga kwake kuli timizu toyera ndi dothi lonyowa.

Che Saidi: Mwaonatu.

Alangizi Nachisale: Umenewo ndi wodyera uja. Koma dothi lonyowa pansi pa khonde mwezi uno, mvula isanagwe? Madziwo akuchokera kuti?

Bambo Mbewe: Funso ndi limenelo. Mayi, paipi ya kumpopi imadutsa pati? Tsekani mipopi yonse m'nyumba, mukayang'ane mita ngati ikuyendabe.

Mayi a Shakira: Dikirani ndikaone.

Mayi a Shakira: Ikuyenda.